Akuti Gemu Yosewera Wekha Yamwalira

Uthenga wa maliro unandipeza Loweruka m'mawa ku Ndirande, ndili pampando wometera. Wometayo, mnyamata wa zaka za m'ma 30 amene amadziwa nkhani za m'tauni wailesi isanazimve, anazimitsa makina n'kundiyang'ana pagalasi.

"Achimwene, mwamva? Gemu yosewera wekha ija yatisiya."

"Inayamba liti kudwala?" anafunsa bambo wina amene ankadikira pabenchi.

"Kalekale, madala. Yaphedwa ndi ndalama."

Benchi yonse inafa nalo phwete, ndipo mkangano unabukira pomwepo. Sunathere m'shopumo ayi. Ndaupeza m'minibasi ya ku Limbe, pachiwaya ku Chilomoni, kwa okonza mafoni, ngakhale pamaliro enieni anyamata akamanong'onezana kuseri kwa nyumba. Nkhani ili m'kamwam'kamwa, ndipo kwa sabata ziwiri ndakhala ndikuitchera khutu.

Tiyambe tawathandiza amene sanagwirepo padi. Magemu amene akukanganitsa anthuwa ndi a mitundu iwiri. Woyamba umagula kamodzi n'kulowa m'nkhani. Pamakhala munthu amene ukumuyendetsa, ali ndi vuto lake, adani ake ndi ulendo wake, ndipo tsiku lina nkhaniyo imatha, mayina a opanga n'kuyamba kukwera pasikirini. Ndi nthano ya madzulo yomwe ija yoyamba ndi padangokhala, kungoti mwendo woyenda m'nthanomo ndi wako. Wachiwiri eni ake amautcha live service, anyamata akuno amangoti "za online". Umenewu sutha. Umafuna intaneti nthawi zonse, umasewera ndi anthu ena, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu kumabwera nyengo yatsopano imene amaitcha season. Pakhomo kawirikawiri salipiritsa. Sitolo ili m'kati: zovala za kamunthu kako, mfuti yopaka golide, kavinidwe konyadira ukagonjetsa mnzako, komanso battle pass, chiphaso chimene chimakupatsa timphoto ukamabwera tsiku ndi tsiku nyengoyo isanathe.

Mlandu wa wometa uja ndi wa Grand Theft Auto. Iye anakulira pa San Andreas ya 2004, ndipo mpaka lero amatchula CJ, munthu amene umamuyendetsa m'gemumo, ngati mwana wa kwa aneba. Akuti masiku amenewo kampani ya Rockstar inkaikira ngati nkhuku yodya bwino: GTA III mu 2001, Vice City mu 2002, San Andreas mu 2004. GTA IV itatuluka mu 2008, chaka chotsatira anaiwonjezera nkhani ziwiri zathunthu. Kenaka GTA V inabwera mu Sepitembala 2013, kampaniyo n'kulonjeza kuti nayonso aiwonjezera nkhani. Anthu anadikira mpaka kutopa. Chimene chinanenepa ndi GTA Online, komwe munthu amagula Shark Card ndi ndalama zenizeni kuti apeze ndalama za m'gemu zogulira galimoto, ndege ndi nyumba. GTA V yagulidwa makope opitirira 200 miliyoni, yayenda kuchoka pa PlayStation 3 kudzera pa 4 mpaka pa 5, ndipo zaka zoposa 10 zinadutsa GTA yatsopano osaoneka.

Mnyamata wina pabenchi anakumbutsa kuti Rockstar yomweyo inatulutsa Red Dead Redemption 2 mu 2018, nkhani yaitali imene inaliritsa amuna andevu.

"Imodzi!" wometa anaimika chala m'mwamba. "Zaka zonsezo imodzi! Mwana wanga wabadwa, wakwawa, wayamba sukulu, pano akundiwerengera Chingerezi, GTA idakali yomweyo."

Ku Zingwangwa kuli kashopu ka magemu, ma TV anayi ndi mabenchi, kumene ana amalipira kuti amenye mpira. Mwini wake atamva za malirowa anangogwedeza phewa. Akuti iye chipepeso sapereka, chifukwa gemu ya nkhani sinamudyetsepo. Mwana mmodzi amakhala nayo maola awiri anzake akungoonerera ulere, pomwe mpira awiri amalipira, pakatha mphindi 10 ena awiri alowa. Koma titangofika pa mpira womwewo, munthu uja anasintha nkhope. Akuti amasowa Master League ya mu PES, momwe unkayamba ndi timu ya osewera osadziwika n'kuilera wekha nyengo ndi nyengo mpaka kunyamula chikho. Mu 2021 kampani ya Konami inasintha PES kukhala eFootball, yolowa ulere, ndipo inatuluka yopanda Master League. Kumbali ya FIFA, imene kuyambira 2023 dzina lake ndi EA Sports FC ngakhale ana onse akuitchabe FIFA, kunali nkhani ya Alex Hunter, mnyamata wofuna kutchuka pa mpira. Inayenda kuyambira FIFA 17 mpaka FIFA 19, basi n'kuzimirira.

Chimene sichinazimirire ndi Ultimate Team, imene inayamba mu 2009. Mmenemo umagula mapaketi a makhadi a osewera usakudziwa kuti m'kati muli yani. Mwina Mbappé, mwina goloboyi wa timu imene sunaimvepo. Kampani ya EA inauza eni masheya kuti m'chaka chake cha zachuma chimene chinatha mu Malichi 2021, Ultimate Team ya m'magemu ake a zamasewera inabweretsa madola 1.62 biliyoni. Ndipo gemu ya chaka chatsopano ikatuluka, timu imene unamanga chaka chatha imatsalira m'mbuyo, n'kuyambiranso pa ziro. Mwini shopu uja akuti m'shopu mwake ana amangomenya mpira wa awiri wosafuna intaneti, komabe akangolumikiza makinawo, update imodzi imameza bandulo yonse asanaphethire.

Gogo wina wogulitsa mtedza pakhomo la shopuyo ankamvetsera zonsezi mwakachetechete. Atamva za mapaketi anaika mbale pansi.

"Mwanangu, kulipira chinthu chokulunga, n'kumapemphera kuti mutuluke chabwino, kwathu timati juga."

Ana anaseka, koma gogoyo ali ndi boma lathunthu kumbali yake. Mu Epulo 2018 bungwe loyang'anira za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi olipira oterewa, amene amatchedwa loot box, ndi juga m'magemu amene linafufuza, ndipo FIFA 18 inali m'gululo. Kumayambiriro kwa 2019 EA inasiya kugulitsa FIFA Points m'dzikolo.

M'minibasi ya ku Limbe nkhaniyi inalowa ndi mayi wina amene anakhala mpando wa kumbuyo kwa dalaivala, thumba la tomato lili pamiyendo. Iye za mitundu ya magemu alibe nazo ntchito. Chimene akudziwa n'chakuti anabwereka mwana foni kuti alembe homuweki, ndipo ndalama za m'fonimo zinapungulidwa. Atamupanikiza, mwanayo anaulula kuti wagula madayamondi.

"Ndinati bweretsa ndiwaone madayamondiwo, mwina tilemera. Akundionetsa kamunthu kavala jekete lofiira! Jekete la pafoni, iye mwini ali ndi juzi yong'ambika!"

Minibasi yonse inagwedezeka ndi nseko, mpaka kondakitala anaiwala kutolera. Mayiyo nayenso ankaseka, koma ndalama ya tomato ndi ya thukuta. Ndipo sali yekha. Ku America, mu Disembala 2022, kampani ya Epic Games, eni ake a Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma la FTC linaisumira. Mwa ndalamazo, 245 miliyoni zinali zobwezera anthu amene anagula zinthu asakufuna chifukwa cha mmene mabatani anaikidwira, kuphatikizapo makolo amene ana awo ankangodina. Ndalama za m'magemuwa sazitcha ndalama. Kwina ndi madayamondi, kwina V-Bucks, kwina UC. Mwana akamadina saona kwacha ikutuluka, amaona timiyala tonyezimira tikuchepa.

Amene anabwera ndi masamu ndi wophunzira wina wa za makompyuta ku Chichiri, tinakumana naye pachiwaya ku Chilomoni. Akuti tisawayese amisala mabwana a makampaniwa. Kupanga gemu yaikulu ya nkhani masiku ano kuli ngati kumanga msewu wa tala. Mu 2023, pa mlandu wa pakati pa FTC ndi Microsoft, chikalata cha Sony chimene sanachifufute bwino ndi cholembera chakuda chinaulula kuti The Last of Us Part II inadya madola pafupifupi 220 miliyoni, ndipo Horizon Forbidden West inadya 212 miliyoni. Anthu mazanamazana amagwira ntchito zaka zisanu kapena kuposa, tambala isanalowe ndi imodzi yomwe. Ikatuluka, munthu amalipira madola 70 kamodzi, amaimaliza m'sabata ziwiri, disiki n'kubwereka mnzake. Pomwe Fortnite, imene inatchuka kuyambira 2017, inapanga madola oposa 9 biliyoni m'zaka ziwiri zokha za 2018 ndi 2019.

"Ndiye inu ankolo mutakhala bwana," anatero akutokosa mbatatesi ndi kamtengo, "mungasankhe chiyani? Munda wokolola kamodzi pa zaka zisanu, kapena chigayo cholira tsiku lililonse?"

Tonse tinasankha chigayo. Vuto, akuti, n'loti mabwana onse anasankhanso chigayo, ndipo anakamanga m'mudzi umodzi.

Apa m'pamene nkhani inafika pokoma. Sony, imene inatchuka ndi magemu a nkhani monga God of War ndi Uncharted, inagula kampani ya Bungie mu 2022 pa madola 3.6 biliyoni kuti iphunzire kuyendetsa chigayo, n'kulengeza kuti pofika Malichi 2026 idzakhala itatulutsa magemu 12 a live service. Pofika Novembala 2023 chiwerengero chija chinali chitatsika kufika pa 6. Imodzi mwa imene inatulukadi ndi Concord. Anaikonza kwa zaka pafupifupi 8. Inatuluka pa 23 Ogasiti 2024 pa mtengo wa madola 40, ndipo pa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, anthu osewera nthawi imodzi sanakwane ngakhale 700. Pa 6 Sepitembala anaizimitsa, ogula onse n'kubwezeredwa ndalama zawo. Masiku 14.

Wachiwaya anaima ndi chipande m'manja.

"Masiku 14? Mafuta a m'chiwaya muno amakhala kuposa pamenepo!"

Makasitomala ena anaseka, ena anayang'ana chipisi chawo mokayikira. Wophunzira uja anali asanamalize. Masiku atatu Concord isanatuluke, kampani ya ku China ya Game Science inatulutsa Black Myth: Wukong, gemu yosewera wekha ya nyani wankhondo wa m'nthano zawo, ndipo inagulidwa makope 10 miliyoni m'masiku atatu. Tsiku lomwe Concord inazimitsidwa, Sony yomweyo inatulutsa Astro Bot, kagemu ka kaloboti kodumphadumpha, kosewera wekha, ndipo mu Disembala kanatenga mphoto ya gemu yopambana ya chaka ku The Game Awards.

Nseko inatha pamene mtsikana wina amene ankadikira chipisi anafunsa za anthu amene anaipanga Concord. Situdiyo yawo, Firewalk, inatsekedwa mu Okutobala chaka chomwecho. Amene anajambula, amene analemba mapulogalamu, amene anakonza nyimbo, si iwo anaganiza zomanga chigayo cha 12 m'mudzi. M'zaka za 2023 ndi 2024 anthu zikwizikwi opanga magemu anachotsedwa ntchito ku America, ku Ulaya ndi kwina. Mbali imeneyi imandiwawa, chifukwa zaka 8 za moyo wa munthu sabweza ngati madola 40.

Ya Warner Bros. ndiye inakhala ngati phunziro la pabolodi. Mu 2023 anatulutsa Hogwarts Legacy, yosewera wekha, imene inagulidwa makope oposa 22 miliyoni chaka chimenecho, ndipo ku America inaposa ngakhale Call of Duty. Mu Febuluwale 2024 anatulutsa Suicide Squad: Kill the Justice League, ya live service, ndipo kampaniyo inavomera kuti madola 200 miliyoni alowa m'madzi. Amene anaipanga ndi Rocksteady ya ku London, akatswiri amene anatipatsa magemu a Batman a Arkham mu 2009, 2011 ndi 2015. Zaka pafupifupi 9 za manja aluso zinapita ku ntchito imene sinali yawo, ngati kutenga mmisiri wosema mipando ya ndalema n'kumupatsa basi kuti ayendetse. Anzawo a Naughty Dog anaona mbuna ali patali. Mu Disembala 2023 anasiya gemu ya pa intaneti ya The Last of Us imene ankakonza, ponena kuti kuisamalira kukanawamangirira kwa zaka zambiri mpaka kulephera kupanga magemu a nkhani.

Nanga zigayo zatsopanozi zikugweranji? Wophunzira uja akuti yankho lili pa wotchi. Munthu ali ndi madzulo amodzi patsiku. Ngati madzulo ake anawapereka kale kwa Fortnite kapena Call of Duty, komwe kuli anzake ndi zovala zimene anagula, kusamuka n'kusiya mudzi ndi katundu yemwe. Magemu a nkhani salandana anthu chotero. Ukamaliza iyi umatenga inayo. Koma chifukwa nthawi zina chigayo chatsopano chimalira ndithu, ngati Helldivers 2 ya Sony imene inagulidwa makope 12 miliyoni m'sabata 12 mu 2024, mabwana amati tiyesenso. Wachiwaya anaitseka nkhaniyi ndi mwambi: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Musaganize kuti tauni yonse ikulira. Mtsikana wina wogulitsa m'shopu ya mafoni ku Limbe anandidula ndisanamalize funso.

"Ankolo, tsabola wakale sawawa. Inu mukulira gemu imene ife sitinaikwanitsepo kugula."

Akuti PlayStation 5 ndi loto, ndipo madola 70 a gemu imodzi, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi ndalama yogulira matumba a chimanga. Nintendo ndiye inafika pa madola 80 ndi Mario Kart World mu 2025. Koma foni ali nayo, ndipo PUBG Mobile analowa ulere. Achimwene ake ali ku Johannesburg, sanaonane zaka zitatu. Usiku amakumana m'gemumo, akubisala limodzi kuseri kwa khoma uku akukambirana za denga la amayi limene likudontha. Akuti pafoni wamba achimwenewo amangoti "tili bwino, inu kaya", koma m'gemu amacheza ola lathunthu.

Mtsikanayu ndinalibe pomutsutsa. Magemu olowa ulere anatsegulira khomo anthu amene magemu a disiki anawatsekera kunja, ndipo kucheza kwa mlongo ndi mlongo wake si kanthu kopepuka. Ndinangomufunsa kuti amene akulipira magetsi a chigayocho ndani. Anaseka, akuti iye sanagulepo kanthu. N'zoona, ambiri sagula. Ochepa ndi amene amawononga zambiri, ndipo khamu laulere ndi lomwe limadzaza bwalo kuti ogulawo akhale ndi owaonetsa majekete awo. Koma kuno kwathu ulere umenewo uli ndi geti lake, ndilo bandulo. Komanso maseva ali kutali, moti nthawi zina ukamati ukoke mfuti umapeza mnzako wakugwetsa kale. Pamenepa anavomera ndi mutu, akuti netiweki ikayamba kujejema amangozimitsa n'kukagona ndi mkwiyo.

Wokonza mafoni wina wachikulire pafupi ndi msika wa Limbe sanayankhe ndi pakamwa. Anakoka kabati n'kutulutsa madisiki a PlayStation 2 okandikakandika, omangidwa ndi mphira. Akuti onsewa akugwirabe ntchito, zaka 20 zadutsa, ndipo palibe munthu wa kunja kwa nyanja amene angadine batani kuti asiye. Kenaka anandifotokozera za The Crew, gemu ya magalimoto imene Ubisoft inatulutsa mu 2014. Kumapeto kwa Malichi 2024 kampaniyo inatseka maseva ake, ndipo gemu yonse inafera pomwepo. Ngakhale amene anagula disiki, amene ankangofuna kuyendetsa galimoto yekha m'chipululu, anatsala ndi chozungulira choikira kapu ya tiyi. Mkulu wina wa pa YouTube, Ross Scott, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, ndipo mu Julayi 2025 chikalata chopempha European Union kuti ichitepo kanthu chinadutsa masiginecha 1 miliyoni.

"Munthu umati wagula nyumba," anatero akubwezera madisiki m'kabati, "osadziwa kuti uli pa lendi, ndipo landilodi akhoza kuigwetsa uli m'kati."

Mawu amenewa ndi amene ndayenda nawo kwambiri. Chimene ndimakondera gemu ya nkhani n'chakuti imadikira. Ukapita kumudzi kumaliro sabata ziwiri, pobwera umaipeza pomwe unaisiya, munthu wako ataima pakhomo la phanga lomwe lija. Sikulanga chifukwa unali ndi moyo wina. Battle pass ili ndi tsiku lothera, ndipo timphoto timene sunatole timapita. Ndaona anyamata akulowa m'gemu maso ali ofiira ndi tulo, osati chifukwa akuifuna usiku umenewo, koma kuti amalize ntchito za tsikulo zimene gemu yawapatsa. Kusewera kukafika pamenepo kwasanduka ganyu, ndipo waganyuyo ndi amene akulipira.

Nanga yamwaliradi? Maliro amenewa analengezedwapo kale. Mu Okutobala 2017 EA inatseka situdiyo ya Visceral Games n'kuimitsa gemu ya nkhani ya Star Wars imene ankatsogolera Amy Hennig, mayi amene analemba ndi kutsogolera magemu oyambirira a Uncharted. Anthu anati basi, manda akumbidwa. Mwezi wotsatira Star Wars Battlefront II inautsa mkwiyo waukulu chifukwa cha ma loot box, mpaka EA inatseka kaye sitolo ya m'kati gemuyo itatsala pang'ono kutuluka. Mu 2019 EA yomweyo inatulutsa Star Wars Jedi: Fallen Order, yosewera wekha, ndipo inadutsa makope 10 miliyoni. Elden Ring ya ku Japan ya 2022 yadutsa 25 miliyoni. Baldur's Gate 3 ya 2023, yopanda sitolo m'kati, inachokera ku Larian Studios ya ku Belgium, dziko lomwe lija linagwirizana ndi gogo wa mtedza. Mu 2025 kagulu kochepa ka ku Montpellier ku France kanatulutsa Clair Obscur: Expedition 33 pa madola 50, n'kutenga mphoto ya gemu yopambana ya chaka. Womwalira sakolola chotere.

Komabe wometa uja sakunama kwenikweni. Chimene chachepa ndi kubereka. Pa PlayStation 3, Naughty Dog inatulutsa Uncharted zitatu ndi The Last of Us pakati pa 2007 ndi 2013. Pa PlayStation 5, mpaka kutha kwa 2025, inali isanatulutse gemu yatsopano, koma kungokonzanso zakale. Mbali ina ndi mtengo ndi kukula kwa magemuwo, mbali ina ndi zaka zimene masitudiyo aluso anataya akuthamangitsa chigayo. Magemu amene akanapangidwa m'zaka zimenezo sitidzawasewera, ndipo sitidziwa ngakhale mayina awo oti tiwalire. Anthu sanasiye kukonda nkhani yokhala ndi mathero. Nthawi iliyonse imene yabwera yophikidwa bwino, mbale yabwerera yoyera.

Loweruka lapitali ndinabwerera ku Ndirande kuti ndikamuuze wometa kuti wodwala wake akupuma. Mvula inali itayamba, netiweki itathawa, ndipo anyamata a mafoni anali atawaika m'matumba. Pakona ya shopuyo panali TV yakale yamimba ndi PlayStation 2 imene anakaitenga kwa mlamu wake. CJ anali panjinga yamoto, mnzake Big Smoke ali kumbuyo, akuthamangitsa sitima ya pamtunda, pamalo paja pamene panavutitsa aliyense amene anasewerapo San Andreas. Padi inali m'manja mwa mwana wa zaka ngati 12 amene gemuyo inatuluka asanabadwe. Momuzungulira munali anthu oposa 10, aliyense ndi malangizo ake.

"Usayandikire kwambiri, iwe! Talikira kuti awombere bwino!"

"Sitima ina ikubwera kutsogoloko, khota!"

Bambo wa pabenchi uja, amene sabata ziwiri zapitazo ankafunsa kuti yadwala liti, anali ataimirira, chipewa chili m'manja, akukuwa kuposa ana. Ndinakumbuka kuti kuno gemu yosewera wekha sitinaisewerepo tokha. Padi inkakhala imodzi, koma ulendo unkakhala wa nyumba yonse, ndipo ukafa unkapatsira mnzako.

Njinga inagunda khoma, sitima n'kupita. Shopu yonse inabuula pamodzi. Wometa anasiya kasitomala ali ndi thovu kumasaya, napukuta manja pa epuloni.

"Bweretsa padiyo kuno, mphwanga. Ona mmene ankachitira akuluakulu."

"Achimwene, nanga ndevu zanga?" anadandaula wapampando.

"Dikirani pang'ono, bwana. Sitimayi ndi yanga kuyambira 2004."